Buku la Oparin ndi Funso la Ciyambi ca Moyo

Mlimi akakolola cimanga cace, naciika m'nkhokwe yomata bwino, amadabwa pakupita miyezi itatu kuona anankafumbwe atadzaza m'menemo. Sanawaone akulowa, ndipo m'nkhokwemo anaikamo cimanga cokha. Cimodzimodzinso mai amene wasiya nyama pa thandala masiku awiri, apeza mphutsi zirikuyenda m'nyamamo. Cifukwa ca zinthu zotere, anthu a mitundu yonse, a ku Africa ndi a ku Ulaya omwe, anakhulupirira kwa zaka zambirimbiri kuti tamoyo tating'ono timangobadwa tokha kucokera m'zinthu zakufa. Ngakhale Aristotle, wanzeru wochuka wa Agriki, anaphunzitsa zomwezo, ndipo panalibe womtsutsa kwa nthawi yaitali.

M'caka ca 1668 sing'anga wina wa ku Italy, dzina lace Francesco Redi, anaika nyama m'mitsuko, ina yotseguka, ina yophimba ndi nsalu yopyapyala. Mphutsi zinaoneka m'nyama yokhayo imene nchenche zinaterapo. Patapita zaka pafupifupi 200, Louis Pasteur wa ku France anawiritsa msuzi m'mabotolo a khosi lalitali lopindika. Mpweya unali kulowa, koma pfumbi linali kutsalira pa cigongono ca khosilo, ndipo msuzi sunabvunde. Pamenepo nkhani inatha: camoyo cicokera ku camoyo cinzace. Nankafumbwe aturuka m'dzira limene mace anaikira m'kati mwa njere, kawirikawiri cimanga cikali kumunda.

Koma yankho limeneli linabala funso lobvuta koposa loyamba lija. Ngati camoyo ciri conse ciri ndi kholo, nanga camoyo coyamba cinacokera kuti, popeza dziko lapansi linayamba liri lotentha, lopanda udzu kapena nyongolotsi? Charles Darwin, m'buku lace la 1859, analongosola m'mene mitundu ya zamoyo isinthira ndi kupatukana, koma za ciyambi ceniceni sananene zambiri. M'caka ca 1871 analembera bwenzi lace Joseph Hooker kalata, m'mene anayerekeza za kathamanda ka madzi ofunda, kokhala ndi mcere wa mitundu-mitundu, kuwala, kutentha ndi magetsi, nati mwina moyo ukadayambira m'malo otere. Anangonena m'kalata basi, ndipo funso linagona pomwepo kwa zaka makumi asanu.

Munthu amene analidzutsa ndiye Aleksandr Ivanovich Oparin, amene anabadwa m'caka ca 1894 ku Uglich, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Volga ku Russia, naphunzira za zomera ku Moscow. M'caka ca 1924 anasindikiza kabuku kakang'ono, ndipo m'caka ca 1936 anakakulitsa kukhala buku lenileni. Sergius Morgulis analimasulira m'Cingerezi, ndipo linaturuka m'caka ca 1938 ndi dzina lakuti The Origin of Life, ndiko kuti ciyambi ca moyo. Ku Mangalande, J. B. S. Haldane anafika pa maganizo ofanana nawo m'caka ca 1929, osadziwa za kabuku ka mnzaceyo. Tsono buku la Oparin ndilo liyenera kuweruzidwa pano, pakuti mbiri yace yafika patali, ndipo ambiri alitamanda kapena kulinyoza osadziwa zimene zirimo.

Ciphunzitso cace ciri cotere. Pa ciyambi, m'mlengalenga munalibe okosijeni, mpweya umene anthu ndi nyama apuma, umenenso uyatsa moto ndi kudyetsa citsulo dzimbiri. Kaboni, amene ali thunthu la makala ndi la matupi onse amoyo, anali wophatikana ndi zitsulo m'miyala yotentha. Nthunzi itakhudza miyalayo, panaturuka mipweya ya kaboni ndi haidrojeni. Ndipo imeneyi inasanganikirana ndi amoniya ndi madzi, nipanga zinthu zina zolukana-lukana. Mvula inakokolola zonsezi nizitsira m'nyanja. Kumeneko zinaunjikana kwa zaka zosawerengeka, kufikira madzi a m'nyanja anasanduka ngati msuzi wopyapyala.

M'msuzi umenewo, atero Oparin, munayamba kuoneka timadontho. Wanzeru wina wa ku Holland, Bungenberg de Jong, anali ataonetsa kale kuti munthu akasanganiza m'madzi zinthu zina zomata, monga utomoni wa mtengo ndi phala louma la mafupa owiritsa, zimadzipatula zokha nizisonkhana m'timadontho, timene akatswiri aticha coacervate. Oparin anati timadontho totere tinali kumwa zinthu za m'madzi owazinga, tinali kukula, ndipo tikakula tinali kugawikana. Timene tinali kumwa bwino tinakhalitsa, tofooka tinasungunuka. Potero, mwa kusankhika kwa zolimba kumene Darwin anaphunzitsa, timadontho tina tinasanduka maselo oyamba, ndiwo tizipinda tating'onoting'ono timene timanga thupi la camoyo ciri conse.

Ubwino woyamba wa bukuli ndi wakuti silikangana ndi Pasteur. Libvomereza kuti lero moyo sungabadwe wokha, nilipereka zifukwa ziwiri zomveka: okosijeni wa mumpweya aononga msanga zinthu zimene zikadaunjikana, ndipo zotsala zidyedwa ndi tizirombo tosaoneka timene tadzaza m'madzi ndi m'nthaka. Zimene sizitheka m'botolo la Pasteur m'masabata owerengeka, pa dziko la lero, zikadatheka pa dziko lina lija, lopanda okosijeni ndi lopanda wakudya. Cotero Oparin anacotsa funso lija m'manja mwa ongoyerekeza, naligawa m'masitepe amene munthu angathe kuwayang'ana limodzi-limodzi.

Ubwino waciwiri uli m'kulimba mtima kwace pa nkhani ya cakudya. Ambiri a masiku amenewo anayesa kuti camoyo coyamba cinali ngati comera, codzipangira cakudya ndi kuwala kwa dzuwa, pakuti akadadya ciani wopanda mnzace? Oparin anatembenuza nkhaniyo. Anati kupanga cakudya ndi dzuwa ndi nchito yobvuta, yofuna zipangizo zambiri m'kati mwa selo, ndipo sikungakhale koyamba. Zamoyo zoyamba zinali kungodya msuzi umene zinaupeza, monga yisiti idya shuga m'mbiya ya mowa popanda kufuna mpweya. Umboni wace unali wakuti njira imeneyi yoswera shuga ipezeka pafupifupi m'zamoyo zonse, m'yisiti ndi m'minofu ya munthu momwe, monga cizindikiro cimodzi ca pa nkhope cimene cisonyeza kuti anthu a m'mudzi anacokera kwa gogo mmodzi. Si akatswiri onse a lero amene abvomereza kuti zinayamba conco, koma kaganizidwe kameneka, kofunafuna mbiri yakale m'matupi a zamoyo za lero, kagwira nchito kufikira tsopano.

Ubwino wacitatu, umene uposa onse, ndi wakuti mau a bukuli akhoza kuyesedwa. M'caka ca 1952, pa sukulu yaikulu ya Chicago ku America, mnyamata wa zaka 22, Stanley Miller, wophunzira wa Harold Urey, analumikiza mabotolo awiri ndi mipope ya galasi. M'botolo lam'munsi anathiramo madzi nawawiritsa, kuti akhale ngati nyanja. M'botolo lapamwamba anaikamo mipweya ya methane, amoniya ndi haidrojeni, nathethetsamo moto wa magetsi usana ndi usiku, kuti ukhale ngati mphezi. Itatha sabata, madzi aja anali ofiira ndi obvunduka. Powapima anapezamo zinthu zochedwa amino acid, monga glycine ndi alanine, zimene ziri njerwa zomangira mapuloteni, ndipo mapuloteni ndiwo agwira nchito zambiri za m'thupi. Miller atamwalira m'caka ca 2007, ophunzira ace anapeza timabotolo tace takale. Ndipo m'caka ca 2008, popima ndi makina atsopano, anapezamo mitundu ya amino acid yoposa 20.

Umboni wina unatsatira. M'caka ca 1961 Joan Oró anapanga adenine, cimodzi ca zilembo za DNA, kucokera ku mankhwala akupha ochedwa hydrogen cyanide. Pa 28 September 1969 mwala unagwa kucokera kumwamba pafupi ndi mudzi wa Murchison ku Australia, ndipo m'mwalamo munapezeka ma amino acid amene sanapangidwe ndi camoyo. M'caka ca 2023 combo ca Amerika cinabweretsa dothi la ku Bennu, thanthwe lalikulu loyenda m'mlengalenga. Ndipo m'caka ca 2025 akatswiri analengeza kuti m'dothimo muli mitundu 14 mwa mitundu 20 ya amino acid imene zamoyo zimangira mapuloteni. Pa mfundo iyi Oparin ananena zoona: njerwa za moyo sizisowa camoyo kuti ziumbike.

Apa ndipo owerenga ayenera kucenjera. Kuyambira masiku a Miller, mbiri yakhala ikuyenda pakamwa yakuti akatswiri analenga moyo m'botolo. Ili ndi bodza, ndipo Miller mwini wace sananene conco. Munthu woona mulu wa njerwa pa cigwembe sanena kuti waona nyumba. Kufikira lero palibe munthu amene anatenga mankhwala akufa okha-okha napanga nawo camoyo cimene cidya, cikula ndi kubala. Pakati pa njerwa ndi nyumba pali mtunda wautali, ndipo pa mtunda umenewo ndipo pali zofooka za buku la Oparin. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cofooka coyamba ncacing'ono, pakuti ciri colakwa ca nthawi yace. Akatswiri ambiri a miyala tsopano aganiza kuti mpweya wa dziko lakale sunali wodzaza methane ndi amoniya, koma unali makamaka naitrojeni ndi mpweya wa kaboni umene uturuka m'mapiri a moto. M'mpweya wotere mphezi ipanga njerwa zocepa. Nkhani ija ya zitsulo zophatikana ndi kaboni nayonso yasiyidwa. Komabe mfundo yakuti kunalibe okosijeni yaima nji, pakuti miyala isonyeza kuti mpweya umenewu unayamba kuculuka zaka pafupifupi mamiliyoni 2,400 zapitazo, moyo utayamba kalekale.

Cofooka caciwiri ncacikulu, ndipo cikhudza mtima wa bukuli. Dontho la mafuta loyandama pa msuzi likhoza kukula pomeza madontho ena, ndipo likagwedezeka ligawikana pawiri, koma palibe anganene kuti labala. Kubala ndiko kupatsira mwana cifaniziro ca kholo. Mbeu ya mapira ibala mapira, osati mawere, cifukwa m'kati mwace muli malangizo amene akopedwa mokhulupirika ku mbadwo uli wonse. Popanda malangizo otere, kusankhika kwa zolimba kulibe pogwira: dontho labwino likagawikana, ubwino wace umwazika, ndipo zonse ziyambanso pa ciyambi. Buku la Oparin lilongosola bwino za kudya ndi kukula, koma za kukumbukira kumeneku linena zocepa ndi zosamveka.

M'malo mwa kulongosola, bukuli litsamira pa kutalika kwa nthawi. Pali ponse pamene pafunika kusonyeza m'mene sitepe lina linatsatira linzace, wowerenga auzidwa kuti zinthu zinasintha pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Inde, akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo; koma nkhuni sizidzimanga zokha, pafunika luzi. Nthawi yaitali imanga, koma iphwanyanso, ndipo m'nyanja yaikulu madzi amasula zinthu zolukana mofulumira kuposa m'mene zilukanira. Cinanso, ma amino acid ali a maonekedwe awiri, monga dzanja lamanja ndi lamanzere. Botolo la Miller linapanga onse awiri mofanana, koma zamoyo zimanga mapuloteni ao ndi amanzere okha. Za cifukwa cace, msuzi wa Oparin uli cete.

Luzi lija linayamba kuoneka m'caka ca 1953, pamene James Watson ndi Francis Crick, ku Cambridge, anaonetsa mapangidwe a DNA, cingwe copota cimene cisunga malangizo a camoyo. Koma pomwepo panabuka mwambi wa nkhuku ndi dzira: DNA siingakopedwe popanda mapuloteni, ndipo mapuloteni sangapangidwe popanda malangizo a DNA. Cinayamba nciti? M'zaka za 1982 ndi 1983 Thomas Cech ndi Sidney Altman, yense pa yekha, anapeza kuti RNA, mbale wace wa DNA, ikhoza kucita nchito zonse ziwiri: isunga malangizo, ndiponso ifulumiza kusanganikirana kwa zinthu monga puloteni. Analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1989. M'caka ca 2000 kunadziwikanso kuti m'kati mwa selo, pa malo pamene mapuloteni alukidwa, cimene cilumikiza njerwa ndi RNA. Cifukwa cace ambiri aganiza kuti kunali nyengo imene RNA inali nkhuku ndi dzira pamodzi.

Sikungakhale cilungamo kutsutsa munthu wolemba m'caka ca 1936 cifukwa sanadziwe za 1953. Koma pali mlandu umene Oparin sangauzembe. Kale m'caka ca 1926, H. J. Muller wa ku America anali atanena poyera kuti maziko a moyo ndi kanthu kamene kadzikopa kokha, ndipo Oparin anakana ganizo limenelo kwa zaka zambiri. Coipa koposa, m'dziko lace munali Trofim Lysenko, munthu wokondedwa ndi Stalin, amene anali kunena kuti maphunziro onse a za cibadwa ndi cinyengo ca adani. Nikolai Vavilov, katswiri wamkulu wa mbeu amene anatsutsana naye, anafera m'ndende ku Saratov m'caka ca 1943. M'caka ca 1948 maphunzirowo analetsedwa m'dziko lonselo, ndipo aphunzitsi ambiri anacotsedwa nchito. Oparin anaima ku mbali ya Lysenko, nakwezedwa pa maudindo. Munthu amene anaphunzitsa dziko kuti funso la moyo liyenera kuyesedwa m'botolo, anabvomera kuti funso la cibadwa liweruzidwe ndi boma. Cilema ca buku ndi cilema ca mwini wace zikomana pa malo amodzi, ndipo wowerenga woona mtima sayenera kubisa cimeneci.

Za malo amene moyo unayambira, akatswiri akali kukangana. M'caka ca 1977 anthu otsika m'nyanja ya Pacific, pafupi ndi zisumbu za Galápagos, anapeza akasupe otentha pansi pa nyanja, ozingidwa ndi zamoyo zimene sizionapo dzuwa; ndipo m'caka ca 2000 anapezanso ena pakati pa nyanja ya Atlantic, okhala ndi zipilala za miyala yodzaza timabowo. Ena ati m'timabowo totere ndimo munali maselo oyamba. Ena abwerera ku kathamanda ka Darwin, kamene kaphwa ndi kudzazanso, pakuti m'caka ca 2009 John Sutherland ndi anzace ku Manchester anapanga ziwiri mwa njerwa zinai za RNA mwa njira imene ifuna kuwala kwa dzuwa. Cimene onse abvomerezana ndi nthawi: dziko liri ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 4,540, ndipo m'miyala ya ku Pilbara ku Australia ndi ya ku Barberton ku South Africa muli zizindikiro za tamoyo ta zaka zoyandikira mamiliyoni 3,500. Mbali zonse ziwiri zakana nyanja ya msuzi ya Oparin, koma zonse zirikuyenda m'njira imene iye analambula.

Ngakhale timadontho tija, timene ambiri anatitaya ngati nthano ya nkhalamba, tabwereranso. M'caka ca 2009 Clifford Brangwynne ndi Anthony Hyman, ku Dresden m'dziko la Germany, anaonetsa kuti m'maselo a kanyongolotsi kena muli timadontho ta mapuloteni ndi RNA topanda cikopa, timene tiphatikana ndi kugawikana monga madzi. Kuyambira pamenepo timadontho totere tapezeka m'maselo a zamoyo zambiri, ndipo akatswiri ena ayesanso kuona ngati RNA ingasonkhane ndi kugwira nchito m'kati mwa coacervate. Mau a akulu akoma akagonera. Mwina Oparin anaona nyumba, ndipo Muller anaona mwini nyumba, ndipo yense analakwa pokana mnzace.

Acinyamata ambiri amene analeredwa m'sukulu za misyoni aopa buku lotere, poyesa kuti licotsa Mulungu. Ena alithamangira pa cifukwa comweco. Nzoona kuti Oparin anakhulupirira kuti kulibe kanthu koposa zinthu zogwirika, ndipo boma la dziko lace linakondwera nalo buku lace. Koma cikhulupiriro ca wolemba ndi umboni wa m'botolo ndi zinthu ziwiri. Botolo liyankha funso lakuti zinacitika bwanji. Siliyankha lakuti zinacitikiranji. Wopembedza amene akana kuti Miller anapeza ma amino acid akana cinthu cimene wina ali yense angacibwereze ndi manja ace. Wosapembedza amene anena kuti nkhani yonse yatha anena zimene akatswiri eni ace sananene. Onse awiri afulumira.

Tsono ciweruzo ca bukuli ndi ici. Mayankho ace ambiri akalamba: mpweya wace wasinthidwa, nyanja yace ya msuzi yakayikidwa, ndipo za malangizo a cibadwa linaphonya. Koma linatenga funso limene anthu anali kuliopa kapena kuliseka, nilisandutsa nchito ya manja, imene mnyamata wa zaka 22 anakhoza kuiyamba ndi mabotolo awiri. Oparin anamwalira m'caka ca 1980 funso likali losayankhika, ndipo lero likali comweco. Amene atsiriza sukulu, akalipeza bukuli, aliwerenge ndi pensulo m'manja. Pa tsamba liri lonse adzifunse kuti, apa wolemba wasonyeza, kapena wangoyerekeza? Acite comweconso ndi nkhani za m'manyuzipepala, ndi mau a ali yense amene adza nazo nzeru zacilendo, ngakhale ali ndi maudindo otani.